KODI CHAMOYO NCHIYANI?

Tikakumana panjira timafunsana za moyo, mnzathu nkuyankha kuti, "Tiri moyo." Wotchi ikaleka kuyenda timati yafa, galimoto ikakanika kulira pa mseu wa ku Liwonde timatinso yafa, chonsecho siinakhalepo ndi moyo chiyambire. Mau aŵa sachoka pakamwa pathu, koma wina atatiimika natifunsa kuti chamoyo nchiyani, ambirife tingachite chibwibwi. Funsoli limaoneka ngati la ana a sukulu, komabe yankho lake limafika mpaka pakhomo pathu, pa m'mene timasungirana.

Pa phunziro la bayoloje ana amaloŵeza zizindikiro zisanu ndi ziŵiri. Amati chamoyo chimadya, chimapuma, chimakula, chimayenda kapena kugwedezeka, chimamva zimene zikuchichitikira, chimataya zonyansa za m'thupi, ndiponso chimabereka. Chiphunzitso chimenechi nchabwino poyambira. Koma tiyeni tichiyese ndi moto wolusa wa m'mwezi wa Okutobala m'mapiri a Machinga. Motowo umadya udzu, umafuna mpweya, umakula, umathamanga kuposa munthu, umasiya phulusa ndi utsi, ndipo mphepo ikanyamula kachikuni koyaka, moto wina umabadwa patsidya pa khwaŵa. Nanga tinene kuti moto uli ndi moyo? Tichiyesenso ndi chimanga cha mbeu chimene agogo amapachika kutsindwi kwa nyumba yophikira. Miyezi isanu chiri duu, chosakula, chosagwedezeka, choti bii ndi mwaye. Tikangoyang'ana ndi maso, moto ndiwo wamoyo, mbeu ndiyo yakufa. Koma mvula yoyamba ikagwa, mbeu ija imatitsutsa.

Tsono chinsinsi chiri pati? M'chaka cha 1665 Mngelezi wina, Robert Hooke, anaika kachidutswa ka khungwa la mtengo pansi pa galasi lokuza zinthu, naona tizipinda ting'onoting'ono tambirimbiri. Tizipindato ndito timatchedwa maselo. Patapita nthaŵi akatswiri anazindikira kuti chamoyo chirichonse, kuyambira kachirombo koyambitsa malungo mpaka njovu ya ku Liwonde, chiri ndi selo limodzi kapena ambiri. Selo liri ndi kachikopa kolekanitsa za m'kati ndi za kunja. Limaloŵetsa chakudya, kuchisandutsa mphamvu, ndi kukonza pamene paonongeka. Apa ndipo pagona kusiyana. Moto umangonyeketsa, sudzimanga. Khasu likathyoka limadikira wosula, koma bala la pamwendo limapola lokha. Mlambe wa ku Balaka, anthu akausenda khungwa kuti apote zingwe, umameranso khungwa lina. Ngakhale m'thupi mwathu maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku ngati 120 okha, ena naloŵa m'malo mwake ife osadziŵa. Chamoyo ndi chimene chimadzisunga ndi kudzikonza kuchokera m'kati, ngakhale ntchitoyo ichitike mwakachetechete monga m'mbeu youma, imene imapuma pang'ono zedi.

Chinthu chachiŵiri nchakuti moyo umachokera ku moyo unzake. Tikaona anankafumbwe atadzaza thumba lomanga bwino, timaganiza kuti chimanga chawabala chokha. Azungu akale nawonso ankakhulupirira kuti nyama yoola imabala mphutsi. M'chaka cha 1668 Francesco Redi wa ku Italy anaika nyama m'mitsuko, ina yotsegula, ina yophimba, ndipo mphutsi zinaoneka pa nyama yokhayo imene ntchentche zinateramo. Pambuyo pake Louis Pasteur wa ku France anatsimikiza kuti ngakhale tizirombo tosaoneka ndi maso sitibadwa popanda kholo. Nankafumbwe naye amachokera m'dzira limene make anaikira m'kati mwa njere. Lero tikudziŵa kuti m'selo muli malangizo otchedwa DNA, amene kholo limapatsira mwana. Palibe chamoyo chimene chinadziyambitsa chokha. Chirichonse chinachita kulandira.

Chigwa cha nyanja ya Chilwa chimatiphunzitsa zinthu ziŵirizi pamodzi. Nyanjayi inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Koma madzi atabwerera, matemba, milamba ndi makumba zinabwereranso kuchokera m'mitsinje ndi m'madambo m'mene zotsala zinabisala. M'maiŵe a m'chigwa chomwecho muli kansomba kamene akatswiri amakatcha Nothobranchius kirki. Dziŵe likauma makolo onse amafa, koma mazira awo amatsala m'dothi chirimwe chonse, nadzaswa mvula ikabwera. Munthu woponda dothi limenelo mu Seputembala angalumbire kuti mulibe kanthu, pamene pansi pa phazi lake pali mbadwo wathunthu ukudikira.

Zonsezi zikutikhudza bwanji? Masiku ano tazoloŵera kuyesa moyo ndi muyeso wa moto: chimene chikuthamanga, kuŵala ndi kubweretsa phindu ndicho timachiŵerengera. Nkhalamba imene yaleka kugwira khasu timati yatha. Bambo amene anafa ziŵalo, wosalankhula, timamnena pamaso pake ngati palibepo. Agogo amene ayamba kuiŵala maina a zidzukulu, ena amawatcha mfiti, ndipo m'dziko lathu lino okalamba ena aphedwa pa chifukwa chimenechi. Tasokoneza kukhala chete ndi imfa.

Wina angatsutse kuti, "Udzudzu nawo uli ndi maselo, koma timaupha, nkhuku ndi yamoyo, koma timaidya. Bayoloje yokha singatilamule kulemekeza munthu." Akunena zoona. Nchifukwa chake Aristotle, ndi Thomas Aquinas pambuyo pake, anasiyanitsa moyo wa zomera zimene zimadya ndi kukula, moyo wa nyama zimene zimamvanso, ndi moyo wa munthu amene amaganiza ndi kusankha. Ulemu wa munthu sitiuona pa galasi lokuza zinthu. Komabe sayansi imatichotsera zifukwa ziŵiri zodzikhululukira. Choyamba, sitinganene kuti chimene sichikugwedezeka chatha, pakuti mbeu ndi dzira la m'dothi zatikaniza kale. Chachiŵiri, sitingadzitame ngati moyo tinaupanga tokha. Tinaulandira kudzera mwa anthu omwewo amene lero akutilemera kuwasamala. Ife okhulupirira timaonjeza kuti mzere wa kulandirana kumeneku uli ndi Mwini wake amene sanalandire kwa wina. Ndipo ngakhale amene sapemphera amavomera mwambi wa makolo wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mayeso enieni a phunziroli salembedwa m'kalasi. Amabwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ufa wa m'lichero uyenera kuŵerengedwa. Pamenepo pamakhala chiyeso chakuti olima adye, okhala pamkeka adikire. Mlimi wanzeru, ngakhale njala ikule chotani, sakazinga mbeu yake, chifukwa amadziŵa chimene chiri m'kati mwake. Tikamagaŵa nsima madzulo ano, tiyambe ndi mbale ya amene sangathe kudzuka kudzaipempha.