Cikwama Cimene Cinabwelela

Tsiku lacitatu nili ku Tokyo, ninataya cikwama canga ca ndalama. Ninali ku Ameyoko, msika wothinana umene uli m'mbali mwa njanji pafupi na siteshoni ya Ueno, kumene amagulitsa nsomba zouma, nsapato na zipatso mokuwa monga kwathu. Pofuna kulipila, ninapisa m'thumba koma munalibe kanthu. M'cikwamaco munali ma yen 18,000, khadi la ku banki na kacithunzi ka amayi. Ninacita zimene aliyense wokulila mu komboni angacite: ninayang'ana nkhope za anthu, kenako ninazilila ndalamazo mumtima n'kuzitsanzika.

Mnzanga wa kumeneko ananitengela ku koban. Aka ni kanyumba ka apolisi, kakang'ono ngati kantemba, ndipo tunyumba totele tuli ponseponse mumzindamo. Wapolisi ananifunsa mtundu wa cikwama na zimene zinalimo, n'kulemba zonse pa fomu. Ninaseka camumtima. M'mawa mwake ananiitana. Cikwama cinalipo, ndalama zonse zilimo. Wocitola sanafune mphoto, ndipo dzina lake sinilidziwa mpaka lelo.

Kucokela tsikulo funso limodzi silinicoka m'mutu: kodi munthu uja anabweza cifukwa ni wabwino mtima, kapena cifukwa kumene amakhala kubweza n'kosavuta?

Funsoli ni lakale. M'buku la Plato lochedwa Republic, Glaucon akusimba za m'busa amene anatola mphete yomucititsa kusaoneka. Atadziwa kuti palibe womuona, anapha mfumu n'kulanda ufumu. Mfundo ya Glaucon inali yakuti tonse timacita cilungamo cifukwa ca maso a anthu cabe. Koma pa Ameyoko, pakati pa khamu losadziwana, wotola uja anali ngati wavala mpheteyo. Palibe akanamugwila. Anabwezabe.

Poyamba ninaganiza kuti anthu a ku Japan anangobadwa osiyana na ife. Pambuyo pake ninaona kuti si conco. Kuli lamulo lakuti wotola cinthu angalandile mphoto ya pakati pa 5 na 20 pelesenti ya mtengo wake, ndipo mwini akapanda kupezeka pa miyezi 3, cinthuco cingakhale ca wotolayo. Koban ili pafupi, siufunika kukwela basi kuti ukaipeze. Ana amaphunzitsidwa kupeleka kwa apolisi ngakhale kandalama kamodzi kotola pamsewu. Mu 2023 mokha, ndalama zimene anthu anapeleka kwa apolisi a mu Tokyo zinapitilila ma yen mabiliyoni 4. Tsunami ya mu 2011 itapita, mabokosi acitsulo osungilamo ndalama okwana pafupifupi 5,700 anapezeka m'zigumula, ndipo zambili mwa ndalamazo zinabwelela kwa eni ake.

Komanso si angelo iyayi. Maambulela na njinga zimabedwa, n'cifukwa cake pa makomo a nyumba zina pali poika ambulela pokhala na loko. Sitima zambili zili na mabogi a akazi okhaokha m'mawa, cifukwa amuna ena amagwilagwila akazi m'cithinano. Mtima wa munthu ni umodzimodzi kulikonse.

Manje tiyeni tibwele kwathu. Ngati watola foni mu minibasi, uipeleka kwa ndani? Ukapatsa kondakitala, umakayikila ngati ikafika. Ukaimbila mwiniwake, nthawi zina amakufunsa kuti, "Nanga ndalama zinali m'kavamo zili kuti?" Amene unali wothandiza wasanduka woganizilidwa. Ndiye onjezelapo njala: mnyamata amene wakhala miyezi isanu alibe ganyu akatola K500, amati Mulungu wamuona. Sinimutcha mbala mosavuta, cifukwa nane ninakhalapo na m'mimba mopanda kanthu. Koma mayi amene wataya K500 ija mwina nayenso inali ya unga wa mwezi wonse. Cimene wina akucha mwayi, kwa mnzake ni misozi.

Pali cinthu cina cimene cinanilimbitsa mtima. Mu 2019 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa zikwama zoposa 17,000 zimene zinasiyidwa dala m'maiko 40, kuphatikizapo Kenya, Ghana na South Africa. M'maiko 38, anthu anabweza kwambili zikwama zokhala na ndalama kuposa zopanda ndalama. Ofufuzawo anati cifukwa cimodzi n'cakuti munthu safuna kudziona yekha ngati mbala. Apa Glaucon anaiwala cinthu cimodzi: ngakhale uvale mphete ija, pali mboni imodzi imene siungaibisale, ndiwe wekha.

Conco yankho langa n'lakuti zonse ziwili zimafunika. Kufuna kubweza kuli mwa anthu ambili, ku Ueno na ku Matero komwe. Cimene Tokyo inacita ni kulambula njila kuti cifunoco cisavutike kuyenda. Kumene njila kulibe, ubwino umatopa, ndipo munthu amayamba kuoneka wopusa cifukwa cokhala woona mtima.

Sitingamange koban pa kona iliyonse mawa. Koma nitabwelako ninaona cinthu cimene ninali kucipitilila zaka zonsezi. Pa kantemba ka pafupi na kwathu, amayi ogulitsa amakolowela pa waya wa windo ma NRC na makhadi amene anthu atola. Palibe anawatuma, palibe amawalipila. Mwezi watha ninatola reji ya mtsikana wina m'matope pa siteshoni ya mabasi, ninaipukuta n'kukawapatsa.

"Ikani apo, mwana wanga," anatelo. "Mwini wake azabwela."

Patapita masiku anayi ninadutsanso pamenepo. Pa wayapo inali itacoka.