Kodi Wokuta Thabwa ndi Golidi ndi Wabodza?

M'nyumba zambiri za kwa Mphamba, pafupi ndi boma la Lundazi, mlendo akalowa maso ace amayamba kugwa pa khoma pamene papacikidwa cithunzi ca ukwati kapena setifiketi ya mwana, m'felemu yonyezimira ngati golidi. Mafelemu otere ambiri ngongopakidwa utoto wacikasu, koma luso limene amatsanzira ndi lakale ndithu, ndilo lakuyala golidi weniweni pamwamba pa thabwa. Akulu akaona zonyezimira sacedwa kuponya mwambi uja wakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwo ngwoona, koma sutha mlandu wonse. Mlandu wace ndi uwu: kodi munthu wobveka cinthu wamba cobvala cokongola, kuti cioneke coposa m'mene ciliri, wanama kapena sananame? Funso ili likhudza mnyamata ndi mtsikana ali yense amene watsiriza sukulu, pakuti mawa lomwe adzabvala jekete kapena diresi lobwereka, nakaima pa khomo la ofesi kupempha nchito.

Woweruza ayambe waona m'mene nchitoyi imagwiridwira. Pa zitsulo zonse palibe cina cimene cimalola kusulidwa monga golidi. Amisiri amamusasantha ndi nyundo kufikira atasanduka timasamba topyapyala kotero kuti 10,000 titasanjikizana tingokwana ngati milimita imodzi. Timasambati timagulitsidwa m'timabuku, 25 m'kabuku kamodzi. Munthu akakhudza kamodzi ndi cala kamakanirira nkutha pomwepo, ndipo akapuma mosasamala kamauluka.

Komatu kuyala golidiyo ndiyo nchito yotsiriza ndiponso yaifupi. Masiku ambiri amathera pa zimene maso sadzaziona konse. Mmisiri amapala thabwa nalimwetsa guluu wophikidwa kucokera ku zikopa za akalulu. Atatero amasakaniza guluuyo ndi ufa wa coko, napaka phalalo kasanu ndi katatu kapena kuposapo, kulindira kuti lina ligwire asanapake linzace; ndipo likaumitsitsa amalikweca mpaka lisalale ngati mnyanga wa njobvu. Pamwamba pace apaka dothi lofiira, longa katondo wosefedwa bwino. Tsono anyowetsa kagawo kakang'ono, nanyamula tsamba ndi burashi ya ubweya wa gologolo, naliyandikiza. Madzi amalikoka lokha, ndipo ligona. Pakauma atikita ndi mwala wosalala wochedwa agate, ngakhale akale ankatikita ndi dzino la galu, ndipo pamenepo mpamene kuwala kumaturuka. Mtaliyana wina, Cennino Cennini, analemba za njira imeneyi ca m'ma 1400, ndipo kufikira lero siinasinthe kwenikweni. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Apa pali cinthu cimene onyoza sacidziwa. Golidi wopyapyala cotere sabisa kanthu ai. Kamcenga kamodzi kotsalira m'coko, kapena mzere umene mmisiri anacita nao ulesi kuusalaza, zimaonekera koposa golidi atagona, popeza kuwala kumazilozera. Wofuna kubisa mng'alu amate ndi dothi, golidi ngwoulula. Cotero felemu yowala bwino iri mboni yoona ya nchito imene inacitika mobisika. Ndiponso palibe wanzeru amene amainyamula ndi dzanja limodzi nayesa kuti yonseyo ndi golidi. Mwini adziwa kuti ndi thabwa, mlendo adziwa kuti ndi thabwa, ndipo pamene onse adziwa coonadi bodza liribe pokhala.

Anthu a ku Lundazi ali naco citsanzo pakhomo pao. Bwana D.C. Errol Button anayamba kumanga nyumba ya alendo m'caka ca 1948, nimalizidwa mu 1952, ndipo anaiumba ngati malinga a mafumu a ku Ulaya a makedzana, ya nsanja ndi mipanda yonga ya nkhondo. Nyumbayo siinamangidwire nkhondo, koma palibe amene anaichula yabodza, cifukwa ali yense anadziwa kuti m'katimo muli makama a apaulendo. Cosekesa ncakuti inapatsidwa dzina lakuti Rumpelstiltskin, la kamunthu ka m'nthano ya ku Germany kamene kankapota mapesi nkusanduka golidi. M'nthanomo ndimo muli bodza lenileni: mwini cigayo anadzitama kwa mfumu kuti mwana wace wamkazi adziwa kupota golidi, ndipo kudzitamako kunatsala pang'ono kuphetsa mwanayo.

Bodza limayamba pamene munthu anena kuti ali naco cimene alibe. Alipo masamba ena ofanana ndi golidi, opangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki. Kuwagwiritsa nchito sikulakwa, ndipo wosauka amene akongoletsa nao cithunzi ca mai wace sanacimwire munthu. Wocimwa ndi wogulitsa amene awachula golidi nalandira mtengo wa golidi. Iye amadalira kuti wogula adzakhala atapita kutali tsiku limene mkuwawo udzayamba kuda, pakuti mkuwa umada ndi cinyezi, pamene golidi sacita dzimbiri.

Tsono wowerenga ayerekeze anyamata awiri a kwa Mphamba amene atate ao anagulitsa nsawa za caka conse kuti ana aoneke ngati anthu popita ku Chipata kukafuna nchito. Onse awiri abvala tayi, onse awiri alankhula Cingerezi cosamalira. Woyamba anaphunziradi masamu ace usiku ndi usiku pa nyali ya parafini, ndipo tayi yace ingouza wolemba nchito kuti mnyamatayu walemekeza malo amene wafika. Waciwiri wasintha ndi colembera manambala a pa setifiketi yace. Pakhomo afanana, ndipo cowawa ncakuti nthawi zina waciwiriyo ndiye alembedwa. Amene amauza ana kuti wonyenga amagwidwa msanga sanakhalepo m'ofesi. Ena amafika pa penshoni osagwidwa. Koma amene amalipira mtengo wa cinyengoco ndi ena, monga mlimi amene ndalama zace zawerengedwa molakwa ndi kalaliki wosadziwa kuonkhetsa.

Palinso mtundu wina wa kalaliki, wosabera mayeso, amene ulemu wace uli ngati felemu yokutidwa kumaso kokha. Mkulu wa nchito akalowa, iye aimirira msanga namwetulira. Koma gogo wa kumudzi akafika pa zenera, atayenda kuyambira tambala woyamba, amuuza osakweza nkhope kuti abwere mawa. Ena amati pamenepo pali umboni wakuti ulemu wonse wa m'maofesi ndi ciphamaso. Ai, umboni wace ngwakuti golidiyo anayalidwa mbali imodzi. Mankhwala ace sikupala ulemu umene ulipo, koma kuufikitsa ku zenera.

Cotsutsa colimba ndi ici, cakuti mtengo wabwino sufuna golidi. Mmisiri wa matabwa sangakute mlombwa, cifukwa maanga ace okha ngokwanira. Amisiri a mafelemu amasankha matabwa wamba monga paini. Ndi zoona, ndipo m'mudzi uli wonse muli nkhalamba zonga mlombwa, zosadziwa kulemba dzina lao, zimene mau ao amatha milandu. Munthu wotere tayi ingamucepetse. Koma wa zaka 18 sali mlombwa. Iye amayamba kupereka moni waulemu cifukwa anamuuza kutero, asanamve mu mtima cifukwa cace. Amasunga nthawi poopa kudzudzulidwa, asanadziwe kulemekeza nthawi ya mnzace. Kodi ameneyu achulidwe wonyenga? Makhalidwe ambiri abwino amayamba ngati cobvala, ndipo akabvalidwa zaka makumi awiri nkobvuta kuloza pamene cobvala cathera ndi pamene munthu wayambira.

Pa phiri la Mapungubwe, kumwera kwa mtsinje wa Limpopo m'dziko la South Africa, m'manda a mafumu a m'zaka za m'ma 1200, munapezeka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 kacipembere kakang'ono kokwana m'dzanja la munthu. Mmisiri wa ku Afrika kuno anakasema ndi mtengo, nakakuta ndi golidi wosulidwa, wocindikala kuposa timasamba tija, namukhomera ndi timisomali ta golidi. Ofukula anapeza mtengo utaola kalekale, kutatsala cikuto cokha cophwanyika, cimene pambuyo pace cinalumikizidwanso. Mtengo uja ndiwo unali thupi, ndipo popanda uwo golidi sakadakhala ndi msana kapena nyanga ya cipembere. Koma lero, ku yunivesite ya Pretoria kumene kakusungidwa, amene afuna kudziwa m'mene mmisiriyo anasemera amayang'ana mapindidwe a golidi ndi timabowo ta misomali.