Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Asodzi a ku Chia ndi a m'mbali mwa Bua amadziwa kuti kang'ona sikakhalitsa pomwe kanaswedwera. Chilimwe chikafika dziwe limaphwa, nsomba zimachepa, ndipo ng'ona zikuluzikulu sizichita manyazi kudya tiana. Kofuna kukula kamasamuka. Apa ndi pamene makolo anatola mwambiwu: munthu sakhwima ngati omuona ali omwewo tsiku ndi tsiku.

Masiku ano ambiri amautchula akamakwera basi ya ku Joni. Ine ndimaona kuti umamukhala bwino mnyamata wa gitala wopeka yekha nyimbo. Kuno ku Nkhotakota woyimba wotere amayambira kukwaya, kenako kuzinkhoswe ndi kumaukwati, ndipo nyimbo yake ikangomveka pa Nkhotakota Community Radio amayesa wafikapo. Koma omuombera m'manjawo ndani? Azakhali ake ndi anzake a kusukulu. Azakhali sangamuuze kuti nyimboyo yatalika popanda chifukwa.

Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anatha zaka zambiri akuyimba m'misewu ya mu Lilongwe, wina pa babatoni ya chingwe chimodzi, wina pa gitala ya zingwe zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mumsewu mulibe m'bale. Wodutsa akapanda kukhutira amangopitirira, ndipo nyimbo yolephera kuimitsa munthu wothamangira minibasi imafa yokha. Atakhwimira mmenemo anakayimba ku Zanzibar pa chikondwerero cha Sauti za Busara mu 2017, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala. Chimene ndimawayamikira nchakuti babatoni ija sanaisiye pabwalo la ndege, ndipo ku Ulayako amayimbabe m'Chichewa. Ku Ireland nako, woyimba Glen Hansard anayambira mumsewu wa Grafton ku Dublin ali ndi zaka 13, mphotho ya Oscar nkudzabwera mu 2008.

Komabe tisanamizane, mwambiwu sulonjeza kuti wosamuka aliyense akafika. Alipo anyamata amene anapita kutauni ndi gitala nkukaigulitsa kuti alipire lendi, ndipo amenewo sitiwatchula tikamalangiza ana. Nchifukwa chake zinali zosangalatsa mu 2024 pamene chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Fish Eagle Bay, kwathu konkuno. Alendo osadziwa mtundu wa munthu anabwera okha, moti woyimba wa kuno amene anapeza mpata anayesedwa ndi makutu achilendo osagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti.