Kodi Nkulakwa Kulirira Munthu Wojambula?

Kwathu ku Liwaladzi, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, pa mseu waukulu wochokera ku Salima kunka ku Dwangwa, mlandu wa mwana sauweruza atsibweni ake palibe. Chifukwa cha mwambo umenewu ndinaitanidwa tsiku lina m'nyengo ya mwera, pamene asodzi amagona kumtunda poopa mafunde, kuti ndikamve dandaulo la alamu anga pa muphwa wanga, mnyamata wa zaka 16.

Mlandu wake unali wachilendo. Mwanayo sanabe, sanatukwane munthu, ndiponso sukulu sanathawe iai. Atate ake anampeza usiku kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, foni ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Iwo poyesa kuti walandira uthenga wa maliro analanda foniyo, ndipo m'menemo anaonamo tianthu tojambula titakhala pa chakudya, tikudya uku tikulira.

"Alamu," anatero iwo kwa ine, "uno ndi mwezi wachitatu chiikireni amai anu m'manda. Mwana uyu anakulira pamsana pao, koma pa maliro paja sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Lero alikulirira zidole za ku Japan. Kodi ameneyu ndi munthu? Ine ndinafuna kuiponya m'nyanja foniyi, koma ndinati muyambe mwamva inu eni mbumba."

Mau amenewa anandilasa, pakuti amai amene analikunenawo anali amai anga ondibala. Komabe ndinapempha masiku oti ndiganize, popeza kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo zimene ndinaganiza masiku amenewo ndizo ndalemba muno.

Poyamba ndiyenera kufotokozera owerenga achikulire chimene anyamatawa amaonera. Anthu a ku Japan ali ndi mabuku a nthano zosimbidwa ndi zithunzi zojambula pamanja, amene amawatcha manga (liwuli silikhudzana ndi kumanga nyumba iai), ndipo amawawerenga kuyambira kumene ife timati nkumapeto, kuchokera kudzanja lamanja kunka kumanzere. Nthanoyo ikakondedwa amaisandutsa zithunzi zoyenda ndi zoyankhula, ndipo zimenezo ndizo anime. Kuno zimafika pa kakadi kakang'ono kamene anyamata a pa msika amathiramo nyimbo ndi mafilimu. Imene muphwa wanga anali kuonera ndi Haikyu, imene Haruichi Furudate anayamba kuijambula m'chaka cha 2012 naitsiriza mu 2020. Imasimba za mnyamata wamfupi dzina lake Hinata, amene anakondetsa volebo, mpira womenya ndi manja moudutsitsa pamwamba pa ukonde, ngakhale maseweroŵa amakomera anthu amsinkhu. Pamene alamu anga anaona paja ndi pamene gulu la sukulu yake, Karasuno, lagonja kwa sukulu ya Aoba Johsai pambuyo pa kulimbana kwa nthawi yaitali, ndipo mphunzitsi wao wawatengera ku chakudya.

Chinenezo choyamba cha alamu anga chinali chakuti zonsezi ndi bodza. Apa sindinavutike nazo. Bodza ndi mau amene munthu anena pofuna kuti mnzake akhulupirire chimene sichili choona. Nthano siitero. Agogo akati "Padangokhala," ana nkuyankha kuti "Tili tonse," pamenepo apangana poyera kuti zimene zikudzazi sizinaoneke ndi maso, ndipo palibe wonyengedwa. Ndani mwa ife amene sanamve za Kamdothi, mwana amene mai wosabala anamuumba ndi dothi, namchenjeza kuti azithawa mvula? Ine ndikumbuka kuti usiku umene ndinamva koyamba kuti mvula inampeza patali ndi mudzi nasungunuka, nsima inandikanika. Amene anandisimbira nthanoyo ndi amai anga omwewo, ndipo poona misozi yanga sanandikalipire, koma anakondwa kuti nthano yalowa. Tsono ngati kulirira mwana woumba ndi dothi sikunali kupusa, kulirira mwana wojambula ndi inki kudzakhala kupusa bwanji? Chosiyana ndi chakuti wina anaumbidwa kwathu ndipo wina anajambulidwa kutali.

Koma ndisanamize owerenga kuti nkhaniyi ndi yapafupi chotero, pakuti ku Japan komweko kunachitika chinthu chimene chimandivuta mumtima. Kuyambira 1968 kufikira 1973 kunali kutuluka sabata ndi sabata nthano ya nkhonya yotchedwa Ashita no Joe, yolembedwa ndi Ikki Kajiwara ndi kujambulidwa ndi Tetsuya Chiba. M'nthanomo muli mnyamata wina, Rikiishi, amene anadzimana chakudya ndi madzi kuti thupi lake lichepe, ndi cholinga chakuti aloledwe kumenyana ndi Joe, amene anali wopepuka kuposa iye. Anapambana nkhonyayo, koma anafa itangotha. Pa 24 Malichi 1970 anthu mazanamazana anasonkhana ku nyumba ya kampani ya Kodansha, imene inali kusindikiza nthanoyo mu mzinda wa Tokyo, nachita mwambo wa maliro, wansembe wa chipembedzo cha Buddha ali pomwepo. Maliro opanda mtembo, a munthu amene sanabadwepo!

Kwa ife maliro ndi chinthu cholemera. Mfumu imauzidwa, adzukulu amakumba manda, akazi amagona pa siwa, mudzi wonse umaleka ntchito. Timati maliro nkulirana, kutanthauza kuti ndilira nawe lero popeza mawa udzalira nane. Nanga Rikiishi adzalira ndi yani? Apa ndi pamene mau a alamu anga ali ndi mphamvu, ngakhale iwo sanawanene motere. Munthu wojambula ndi wosavuta kumkonda. Sadwala usiku kuti umthamangire ku chipatala, sakupempha kuti ukamtungire madzi, sakalamba nayamba kubwereza nkhani imodzi kasanu, ndipo ukatopa naye umangotseka foni. Amai anga m'chaka chao chotsiriza anali otopetsa, ndinene zoona, ndipo kuwakonda kunafuna msana ndi miyendo. Misozi yogwera pa foni siilipira kanthu. Munthu angathe kuzolowera kukoma kwa chisoni chotere, namadziyesa wachifundo, pamene mnzake wodwala ali kuseri kwa khoma lomwelo. Choopsa chimenechi nchoona, ndipo sichili pa anime pokha; chimagwira ndi akulu omwe amene amalira pa sewero la pa wailesi koma mlendo nkummana madzi akumwa.

Otsutsa maganizo amenewa adzati, taonani zipatso. Ndipo zipatso zilipodi. M'chaka cha 1981 Yoichi Takahashi, amene anakopeka ndi mpira wa miyendo ataonera mpikisano wa dziko lonse wa 1978 wa ku Argentina, anayamba nthano ya Captain Tsubasa. Masiku amenewo mpira wa miyendo unali wapansi ku Japan, ndipo kunalibe ligi ya osewera olipidwa. Ana amene anakula ndi nthanoyo anadzaza mabwalo. Ligi inayamba mu 1993, dzikolo linafika ku mpikisano wa dziko lonse koyamba mu 1998, ndipo mu 2022 ku Qatar linagonjetsa Germany ndi Spain, onse ndi zigoli 2 kwa 1. Sindinena kuti nthano yokha ndiyo inachita zimenezi, pakuti panalinso ndalama, mabwalo ndi aphunzitsi. Komabe Fernando Torres wa ku Spain ananena yekha kuti nthano imeneyi ndiyo inamkopa ali mwana, ndipo anakatsirizira mpira wake ku Japan komweko, ku timu ya Sagan Tosu, mu 2019.

Umboni umenewu ndi wabwino, koma ine sunandikhutitse, ndipo sindinauze alamu anga. Chifukwa chake nchakuti ukaweruza nthano ndi chuma chimene ibala, ndiye kuti mwana wa ku Liwaladzi amene sadzafika ku Qatar wataya nthawi yake chabe. Ndipo ambiri sadzafika. Nthano zimenezi zimakonda kulonjeza kuti wolimbika adzaoneka, koma pa mchenga wa kwathu pamasewera anyamata a luso amene palibe adzabwere kudzawaona, ndipo adzakalamba akukoka chilimila kapena kudula mzimbe ku Dwangwa. Ndiponso si nthano zonse zimene ziphunzitsa chimodzi. Ilipo ina yotchedwa Blue Lock, ya m'chaka cha 2018, m'mene anyamata 300 atsekeredwa m'nyumba imodzi kuti papezeke womwetsa zigoli mmodzi wodzikonda kupambana onse. Ife amene tinaleredwa ndi mau akuti mutu umodzi susenza denga tiyenera kukhala pansi ndi mwana amene akuonera imeneyo ndi kumfunsa chimene watolamo. Kunena kuti "anime ndi yabwino" kapena "anime ndi yoipa" kuli ngati kunena kuti nsomba za m'nyanja zili ndi minga yofanana.

Chimene chinandithandiza si mabuku iai, koma mwanayo mwini. Tsiku lachitatu ndinamtenga kunka naye kugombe, tinakhala pa bwato lofulatira, ndipo ndinamfunsa chimene chinamliza.

"Atsibweni," anatero, "anyamata aja anachita zonse. Panalibe waulesi. Koma anagonjabe."

"Nanga pa maliro a agogo ako?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Pambuyo pake anati, "Munandituma nkhuni. Nditabwera ndinafuna kulowa m'nyumba, koma inu munandigwira paphewa nkunena kuti ndakula tsopano, ndilimbe mtima, ndikhale kwa amuna."

Ndinakumbuka. Ndinanenadi mau amenewo, ndipo ndinawanena poyesa kuti ndikumlemekeza.

Taonani tsono m'mene mlandu unatembenukira. Ife amuna a kunyanja timaphunzitsa mnyamata kuti mwamuna salira. Tili ndi chifukwa chake, pakuti mwera ukakupezani pakati pa nyanja usiku, wolira sathandiza kukapa madzi m'bwato. Koma chiphunzitso cha m'bwato tachitengera kumudzi, ku maliro, ndi ku bwalo la mpira komwe. Tikapambana timavina mseu wonse. Tikagonja timafuna woti timloze chala, kaya ndi woimbira, kaya ndi wapagolo, kaya ndi mankhwala a timu inayo. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, pamene Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chija chakutali ndipo Flames inagonjabe kwa Morocco 2 kwa 1, ndi angati mwa ife amene tinadziwa chochita ndi mtima wathu usiku umenewo? Mwana uyu anali asanaonepo mwamuna wamkulu akuuza anyamata ogonja kuti khalani pansi, idyani, ndipo ngati misozi ibwera ilekeni ibwere. Anakaona zimenezi kwa mphunzitsi wojambula wa ku Japan. Iye ndi amai ake anasamala agogo ake miyezi yambiri, nawatungira madzi, nawanyamula pa njinga kunka nao ku chipatala. Anachita zonse, koma anagonjabe. Madzi saiwala khwawa. Ife tinatseka khwawa la pa maliro, ndipo madziwo anakatulukira kuseri kwa thandala, kumene kunalibe womuona.

Chotero funso limene alamu anga anandipatsa, lakuti kodi wolirira chidole ndi munthu, ndinaona kuti silingayankhidwe poyang'ana misozi yokha. Anthu awiri angalire pa nthano imodzi, wina chifukwa chakuti akuthawa anthu amoyo, wina chifukwa chakuti anthu amoyo sanampatse malo olirira. Kunja amaoneka chimodzimodzi. Powasiyanitsa uyenera kudziwa kumene anali pamene madzi anafunika kutungidwa, ndipo za muphwa wanga ndinali kudziwa bwino, pakuti masiku ambiri amene iye anali pa mtondo ndi pa chitsime ine ndinali ku ntchito zanga kutali. Za anthu aja a ku Tokyo a mu 1970 ndaleka kuweruza. Dziko lao linali litatuluka m'nkhondo zaka 25 zokha, ndipo kapena ena mwa iwo anali ndi maliro ao amene sanawalire.

Madzulo ake ndinapita kwa alamu anga. Ndinawauza kuti foni isaponyedwe m'nyanja, koma kuti mwanayo aziisiya m'nyumba ikakwana nthawi ya mabuku, ndiponso kuti ndalama ya usipa isathere ku makadi. Ndinawauzanso mau amene ndinanena kwa mwanayo pa tsiku la maliro. Iwo anamvetsera mwaulemu, nati, "Mwaweruza, alamu, ndipo ine sinditsutsa eni mbumba. Koma zidole ndi zidole." Sindinawakakamize, pakuti nawonso analeredwa m'bwato.

Loweruka lotsatira ndinatenga muphwa wanga kukazula chinangwa m'munda wa amai, chimene chinali chitakhalitsa m'nthaka, kuti achemwali akachiviike apeze ufa wa kondowole. Pansi pa mtengo wa mango tinapeza khasu lao la mpini waufupi, lili pomwe analisiya, chiswe chitayamba kudya mpiniwo. Mnyamatayo analitola, nalisasa dothi, nandipatsa. Amene analira pamenepo ndine. Iye anaima pambali osanena kanthu kufikira nditatha, ndipo pambuyo pake anamasula kansalu kamene amai ake anamkulungiramo mbatata yophika, nainyema pakati, nati, "Atsibweni, idyani."