Mulungu Amayenda M'msasa Mwathu

Uthenga wa sabata ino
Werengani: Deuteronomo 23:12-14, Mateyu 4:5-7, Luka 17:11-19

Abishopu akupereka moni kwa nonse, a ku Mpanshya, a ku Chinyunyu, ndi inu amene malonda akutengerani ku Lusaka sabata ino.

Tsegulani pa Deuteronomo 23. Ndimeyi simveka kawirikawiri pa guwa chifukwa ikamba za chimbudzi. Inde, chimbudzi! Mose anauza asilikali a Israeli kuti apatule malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndipo aliyense akhale ndi chokumbira pakati pa zida zake. Akumbe, akatha afotsere. Chifukwa chake chinali chakuti Yehova mwini anali kuyendayenda mumsasamo kuti awalanditse kwa adani, ndipo sanafune kupezamo zonyansa.

Mwaona, m'bale? Mulungu amene anagawa Nyanja Yofiira ndi yemweyo amene analamula za dzenje. Kwa Iye chiyero sichithera pa kusala kudya ndi kulankhula malilime. Chimafika mpaka kuseri kwa nyumba.

Ndikamba izi chifukwa mvula yayandikira, ndipo mvula ikagwa kolera imadzuka. Simunaiwale zimene tinaona. Mliri unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023. Pofika Januwale 2024 odwala anachuluka mpaka boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lathu, ndipo ambiri anafera kunyumba kapena panjira, asanafike m'manja mwa anamwino.

Wina adzati, "Izo ni za ku Kanyama, ise tili kumudzi." Ayi, mlongo wanga. Great East Road idutsa pakhomo pathu. Mabasi a ku Chipata aima pano, amakala ndi atomato apita ku tauni ndi kubwera tsiku lililonse. Matendawa sayenda okha, amakwera ndi munthu. Akafika pamalo pamene anthu apita kuthengo, mvula imakokolola zonse n'kuzithira m'chitsime ndi mumtsinje mmene ana athu amwa.

Nthawi ija boma linati mapemphero asapitirire maola 2, ndiponso tileke kugwirana chanza, ena anadandaula kuti mpingo ukuzunzidwa. Tiyeni tilankhule zoona. Palibe amene anatiletsa kutchula dzina la Yesu. Akanatiletsa, tikanakana poyera. Koma lamulo loteteza moyo wa mnzako siliwombana ndi Uthenga Wabwino. Pa Levitiko 13 wansembe anali kuyeza wodwala khungu ndi kumupatula masiku 7. Ndipo Yesu atakumana ndi akhate 10, anawatumiza kwa ansembe omwewo, amene anali ngati azaumoyo a nthawi imeneyo. Anachira ali panjira. Kumvera sikunachotse chozizwitsa. Chozizwitsa chinawapeza akumvera. Aleluya!

Manje mvetserani bwino apa. Satana anatengera Yesu pamwamba pa kachisi, namuuza kuti adziponye pansi popeza angelo adzamugwira. Anagwiritsa ntchito Lemba lenileni, koma Ambuye anakana kuyesa Atate. Mdierekezi akali ndi ulaliki womwewo lero: "Imwa chabe madziwo, ndiwe mwana wa Mulungu." "Mwanayu musapite naye ku kiliniki, tichezere naye m'pemphero mpaka kuche." Mawu amenewo amveka ngati chikhulupiriro, koma ndi aja a pamwamba pa kachisi. Kolera ikhoza kuumitsa munthu wamphamvu m'maola ochepa chabe. Amene adikira kuti kuche akhoza kudzutsa maliro.

Timakhulupirira machiritso, ndipo sitidzaleka kusanjika manja pa odwala. Koma mpingo uno uphunzitsa kuti tipemphere tili panjira. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, kusanza, miyendo kukokana, maso kulowa mkati, mum'mwetse ORS nthawi yomweyo. Ngati mulibe paketi, tengani lita 1 ya madzi owiritsa, sungunulanimo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono pamene mukuthamangira ku kiliniki yapafupi kapena ku St Luke's ku Mpanshya. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Tiimbireni foni, tidzapemphera nanu muli pa njinga.

Sabata ino banja lililonse lichite izi. Onani chimbudzi chanu mvula isanachigwetse, ndipo pabowo pakhale chotsekera. Madzi akumwa muwiritse kapena muthire klorini monga mwalembedwera pa botolo, mudikire mphindi 30. Ngakhale madzi amene mubweretsa kuti tiwapempherere, ayambe awira. Pa nsima tileke kusamba m'beseni limodzi: thiriranani madzi, ndi sopo. Katemera wa kolera akabwera, imwani. Ndipo Mulungu atiteteze, koma wina akamwalira ndi matendawa, musasambitse mtembo. Ndidziwa kuti n'zowawa kwa ife amene tinazolowera kusamalira wathu mpaka kumanda. Lolani azaumoyo agwire ntchitoyo, kuti maliro amodzi asabale ena atatu.

Azibambo ndi achinyamata, Loweruka m'mawa bwerani ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Tikumba chimbudzi chatsopano pa tchalitchi, kenaka cha agogo ndi amayi amasiye amene alibe owakumbira. Amayi a chigwirizano, tithandizeni ndowa ndi sopo za pakhomo la tchalitchi. Imeneyi nayo ndi nkhondo yauzimu.

Tipemphere. Atate, yendani m'mudzi mwathu ndipo mupezemo ukhondo. Tikaniza mzimu wa imfa pa ana athu, pa zitsime zathu ndi pa misika yathu. Limbitsani anamwino, madokotala ndi onse otsogolera zaumoyo. Tipatseni chikhulupiriro chomvera, chosakuyesani. M'dzina lamphamvu la Yesu, Ameni.

Tumizani uthengawu kwa wachibale amene sanauone. Tionane pa Sande.