Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

Kale m'mudzi lumo silinali chinthu chogula pa okala n'kutaya ukametera kamodzi. Linali kachitsulo kosulidwa ndi mmisiri, ndipo mudzi wathunthu unkatha kudalira malumo awiri kapena atatu basi. Azamba ankadulira mchombo wa khanda, sing'anga ankatemera mphini, anamfedwa ankametera tsitsi pa tsiku la mmeto, ndipo mwana akalowedwa thekenya kuphazi ankalitumbula ndi lumo lomwelo. Chitsulo chogwira ntchito zonsezi sichichedwa kubuntha. Ndiye taganizani tsiku la mmeto: anthu asonkhana, ometa akupala mitu ya anzawo ndi malumo obuntha, ometedwa akulumira mano. Kenaka munthu wapaulendo, amene anangopempha pogona dzulo lake, apisa m'phukusi n'kutulutsa kalumo kake, ntchito n'kuyenda. Makolo ataona zoterezi anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mwambiwu umamveka kawirikawiri pabwalo la milandu ndi pa zokambirana za banja. Nkhani yavuta, akuluakulu azungulira pomwepomwepo chiyambire m'mawa, aliyense akuopa kulakwira mlamu wake kapena atsibweni ake. Mkamwini wochokera kutali, kapena mphunzitsi amene wangotumizidwa kumene m'deralo, apempha kuti aponyepo liwu, mfundo n'kumasuka. Sikuti mlendoyo ndi wanzeru kuposa eni mudzi. Iye alibe mbali m'mikangano yakale, maso ake sanazolowere chimene enawo anasiya kuchiona, ndipo wadutsa m'midzi ina kumene vuto lomwelo analithetsa mwa njira ina.

Koma pali mbali ya mwambiwu imene ambiri timailumpha. Kalumo sikayenda poyera. Kamakhala kokulungidwa m'kansanza, pansi pa phukusi. Mlendo amene mwamusiya kunja kwa mpanda, kapena mwamupatsa nsima n'kumuuza kuti akhale phee pakhonde, samasula phukusi lake, ndipo mumatsazikana naye musanadziwe chimene ananyamula. Ine ndimaona kuti mwambiwu cholinga chake ndi kulangiza mwini mudzi. Ukumuuza kuti amuyalire mlendo mphasa pomwe pakhala anthu, amufunse za kwawo ndi za ntchito ya manja ake, ndipo akatulutsa kalumoko amulole ametere.

Masiku ano mlendo amene amatiyesa kwambiri pa mwambiwu ndi banja lothawa nkhondo. Tili ndi mwambi wina wakuti mlendo ndi mame, kutanthauza kuti usaumire nkhuku yako poti mawa dzuwa likakwera iye adzakhala atapita. Umenewo ndi wa mlendo wa masiku awiri. Wothawa nkhondo sadziwa tsiku lobwerera, ndipo nthawi zambiri kwawoko kulibenso nyumba yobwererako. Kumuphera nkhuku tsiku loyamba aliyense amatha. Chiyeso chimafika ufa wachifundo utatha, ana ake akufuna sukulu, iye mwini atatopa ndi kuwomba m'manja ndipo akufuna kudya thukuta lake.

Amalawi zimenezi sitinazimvere kwa ena. Nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO itakula ku Mozambique, anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji mu 1986, ndipo pofika 1992 anali atapitirira miliyoni imodzi, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni boma. Misasa inalipo, monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, koma khwimbi lalikulu, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, silinalowe mumsasa. Kumeneko m'malo ambiri malire ndi msewu wa M1 womwewo: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Angónia, chilankhulo chimodzi, ziwongo zomwezo, maliro oyenderana. Anthu ankangowoloka msewu, mitolo ili pamutu, n'kukagwada kwa nyakwawa. Nyakwawa inkaloza pomanga, wina ankabwereketsa khasu, wina kuwagawira kachigawo ka dimba, amayi kusonkha miphika ndi zitenje. Malole a ufa ndi nandolo asanafike, amene anadyetsa alendowo anali anthu a m'midzi omwe nkhokwe zawo zomwe sizinkafika mwezi wa Febuluwale.

Tisanamizane kuti zinali zopepuka. Mapiri anayera chifukwa aliyense ankafuna nkhuni ndi milimo, pa mijigo panali mizere ndi mikangano, mtengo wa ganyu unatsika poti wanjala amavomera chilichonse. Mwini mudzi ankaona mlendo akulandira mafuta ophikira pamene iye, amene anapereka malo, akudya ndiwo zopanda kanthu. Komabe m'midzi momwe alendo anasakanikirana ndi eni ake, maluso anaoneka: osoka zovala, okhoma ndowa ndi zidebe, oumba njerwa, akalipentala, alimi a kachewere ndi kabichi ozolowera mphepo ya ku Angónia. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo pofika 1995. Anasiya mijigo, zipatala zing'onozing'ono ndi sukulu zomwe zinamangidwa chifukwa cha iwo, komanso ana obadwa m'maukwati a mbali ziwirizi.

Nkhani ya Dzaleka inayenda mosiyana. Mu 1994 malo awa a ku Dowa, omwe nthawi ya Kamuzu anali ndende ya andale, anasanduka msasa wa othawa ku Rwanda ndi Burundi, kenaka a ku Congo, Somalia ndi Ethiopia. Pomwe panakonzedwera anthu osapitirira 12,000 lero pali oposa 50,000. Alendo awa sanafikire kwa nyakwawa, anafikira kwa lamulo. Malawi povomera pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo anakana mbali zina zake, kuphatikizapo ufulu wokhala pomwe munthu wafuna ndi ufulu wolembedwa ntchito, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, la nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Zotsatira zake n'zakuti namwino, mphunzitsi ndi makaniko amaima pa mzere umodzi kudikira thandizo la chakudya la bungwe la WFP, lomwe nalo lakhala likudulidwa. Muli anyamata ndi atsikana obadwira momwemo, olankhula Chichewa ngati a pa Mponela, amene amalemba mayeso a Fomu 4 n'kubwerera kukakhala pansi. Kalumo kosametera kamachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limeneli tikulipanga ndife.

Ena anatuluka mumsasamo n'kukatsegula magolosale ku Mchesi, ku Kawale, ku Area 25 ndi m'matauni ena. Tinawapatsa dzina limodzi lakuti Maburundi ngakhale ambiri anali a ku Rwanda. Ankatsegula m'mbandakucha n'kutseka usiku, ndipo mayi wosowa ankapezako shuga ndi mafuta oyeza pang'onopang'ono. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anawasonkhanitsa, ambiri anasungidwa kaye kundende ya Maula, amayi ndi ana omwe, kenaka n'kubwezedwa ku Dzaleka. Dandaulo la amalonda a kuno lakuti alendo akuwalanda msika sindilipeputsa. Munthu amene okala yake yagwa ali ndi ana ofuna kudya. Koma mankhwala a mpikisano anali chiphaso cha bizinesi ndi msonkho wofanana kwa onse. M'malo mwake munthu amene ankadzidyetsa yekha, kulipira lendi kwa Mmalawi ndi kugula nyemba kwa mlimi wa ku Ntchisi, tinamubwezera pa mzere wolandira, mumsasa wodzaza kale.

Ngakhale mkati mwa mpandamo, maphukusi ena amasuka. Trésor Nzengu Mpauni, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi wodziwika ndi dzina lakuti Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Chikamachitika, anthu zikwizikwi amachoka ku Lilongwe ndi kwina kukamvera oimba ku Dzaleka, kudya chapati ndi nthochi zophika, ndipo ena amagona m'nyumba za mabanja othawa kwawo n'kulipira. Masiku amenewo wothawa nkhondo ndiye mwini khomo, Mmalawi ndiye mlendo. Innocent Magambi, amene anabadwa ali wothawa kwawo ndipo anakhalapo ku Dzaleka, anayambitsa bungwe la There is Hope, lomwe limaphunzitsa ntchito zamanja kwa othawa kwawo pamodzi ndi achinyamata a m'midzi yozungulira ku Dowa. Mnyamata wa m'mudzi amene lero akuwotcherera zitsulo kapena kupala matabwa chifukwa cha sukulu imeneyo safunika kumumasulira mwambi wathuwu.

Mabanja ochepa a ku Dzaleka amapeza mwayi wosamutsidwira ku mayiko ngati Canada ndi Australia, ndipo njira ya ku Canada ndi yofunika kuilingalira chifukwa imafanana ndi ya nyakwawa ija. Mu 1979, pa nthawi ya anthu othawa ku Vietnam pa mabwato, boma la Canada linayamba kulola mpingo, bungwe, kapena nzika zisanu zogwirizana kuti zitenge banja lothawa kwawo n'kulisamalira kwa chaka chathunthu. Anthuwo amasonkha okha ndalama ya lendi ndi chakudya. Amakachingamira banjalo pabwalo la ndege, kuligulira majekete a chisanu, kulembetsa ana sukulu, kuperekeza mayi kuchipatala, kusonyeza bambo pokwerera basi ndi kumulozera kwa amene akulemba ntchito. Mu 1986 mendulo ya Nansen, imene bungwe la UNHCR limapereka, inapita kwa anthu onse a ku Canada chifukwa cha mtima umenewu. M'mayunivesite awo ophunzira amasonkha kangachepe pa fizi kuti bungwe la WUSC libweretse anzawo ochokera m'misasa, ndipo Dzaleka ndi umodzi mwa misasa imene imatumiza achinyamata chaka ndi chaka.

Ku Canada nakonso vuto la phukusi losamasulidwa lilipo. Mapepala a sukulu a kwawo sawavomera msanga, ndiye dokotala amapezeka akuyendetsa takisi, mphunzitsi akukolopa m'maofesi usiku. Olandira alendo amene amachita bwino ndi aja amene sakhutira kuti banja lakhuta ndipo lafunda, koma amalondola nkhani ya mapepala, kufunsa kumene kuli mayeso obwereza, ndi kuuza anzawo kuti mayi uyu amadziwa kusoka, mupatseni madiresi a ukwati. Abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Durban, amene anaona chipolowe chodana ndi alendo mu 2008 ndi mu 2015, angakuuzeni kusiyana kwa munthu wokupatsa buledi ndi munthu wokutchula dzina kwa bwana wake.

Kusintha lamulo lathu la othawa kwawo ndi ntchito ya aphungu, ndipo yachedwa. Koma zambiri zimene banja lofika kumene limasowa zili m'manja mwa oyandikana nalo. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati amadziwa kale kuyendera odwala ndi kuphika pamaliro. Kuwonjezera khomo limodzi pa ulendo wawo si chinthu chachilendo. Gulu la banki mkhonde likhoza kulandira mayi wachilendo kuti nayenso aziponya masheya ndi kutenga ngongole, chifukwa mpamba wa tomato umayambira pamenepo. Komiti ya sukulu ikhoza kuonetsetsa kuti mwana wosamva Chichewa sakuikidwa kumbuyo kwa kalasi n'kuiwalidwa. Ndipo banjalo likaferedwa, mudzi upereke manda ndi adzukulu okumba, poti palibe chimene chimauza munthu kuti ndi wakunja kuposa kulira maliro yekha.

Kumapeto kwa 2024, ziwawa za pambuyo pa chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu zikwizikwi anawolokanso Shire ndi Ruo kulowa ku Nsanje, ena a iwo ana a aja tinawasunga zaka za m'ma 1980. Olembetsa amafunsa dzina, zaka, kumene munthu wachokera ndi chiwerengero cha ana, chifukwa ndi zimene zimafunika pogawa ufa ndi matenti. Funso lakuti "Kodi kwanu munkagwira ntchito yanji?" amene angalifunse ndi nyakwawa, mkulu wa mpingo kapena shehe, sabata yoyamba yomweyo, ndipo yankho lake alifikitse kwa amene ali ndi dimba lofuna wolima, makina osokera ongokhala m'nyumba, kapena bwato losowa wopalasa.