Kuona ndi Udindo wa Wogwira Mpeni

Funso lakuti kodi munthu angayankhe mlandu pa chinthu chimene sanachione ndi maso ake limafika povuta pa khansa ya kumapeto kwa matumbo aakulu, chifukwa chotupacho chimabisala pakati pa mafupa a m'chiuno, pamene chala cha dokotala chimangofika pang'ono. Makina a MRI, omwe amajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, amasonyeza ngati chotupa chabowola khoma la thumbo, ndipo chithunzicho n'chimene chimathandiza kusankha ngati wodwala ayambe walandira chithandizo cha cheza asanachitidwe opaleshoni.

Wodwala wochokera ku Embangweni, kumene mishoni ya Donald Fraser inakhazikika mu 1902, kapena ku chipatala cha boma cha Mzimba, amatumizidwa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe atapereka kale moyo wake m'manja mwa anthu osawadziwa. Chikhristu chimaphunzitsa kuti chikhulupiriro sichidalira kuona, koma chiphunzitsocho chimanena za munthu pamaso pa Mulungu, osati za dokotala pamaso pa wodwala. Lipoti la katswiri wa zithunzi ndi lofunika, komabe wogwira mpeni ayenera kuphunzitsidwa kuwerenga yekha chithunzicho, popeza iyeyo ndiye amadula.